Mafunso ndi mayankho: mukagwira BIOS ya VM, n'chifukwa chiyani Windows imayambanso kufunsa layisensi?

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera pa kashopu kanga kokonza makompyuta kuno ku Chitakale. Ena amachokera kwa anyamata ndi atsikana amene akudziphunzitsa za netiweki pa malaputopu a kaunjika. Ena ndi a anthu a maakaunti m'maofesi a pa Boma ndi m'maesiteti a tiyi, amene ali ndi pulogalamu imodzi yakale yokana kuyenda pa kompyuta yatsopano, ndiye anaitsekera mu VM, kompyuta yongoyerekezera imene imayenda ngati pulogalamu m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Onsewa amafika nkhope ili yakugwa: dzulo zonse zinali bwinobwino, lero pakona ya sikirini palembedwa "Activate Windows". Ndatopa kufotokoza chiimirire sikuludiraiva ili m'manja, ndiye ndangoti ndilembe.

Achimwene, VM nayonso ili ndi BIOS? Ine ndimayesa BIOS ndi kachipangizo ka pa bodi.

Pa kompyuta yogwirika ndi manja n'zoona, BIOS, imene ndi mtundu umodzi wa firmware, imakhala m'kachipu komatidwa pa bodi, ndipo ndi pulogalamu yoyamba kudzuka mukadina batani loyatsira. VM ilibe bodi, koma Windows siingadzuke popanda woidzutsa. Choncho pulogalamu imene ikuyendetsa VM imabwera ndi firmware yakeyake. QEMU ili ndi SeaBIOS, yomwe ndi BIOS yachikale, komanso OVMF, yomwe ndi UEFI, firmware yamakono imene inalowa m'malo mwa BIOS, yochokera ku ntchito ya TianoCore. Hyper-V imakufunsani pachiyambi penipeni: Generation 1 ndi ya BIOS, Generation 2 ndi ya UEFI. Mu VMware muli mzere wakuti firmware = "efi" m'fayilo ya .vmx, ndipo mu VirtualBox muli kabokosi kochonga kuti EFI iyake.

Ntchito yachiwiri ya firmware ndi imene yatikhalitsa pano. Imauza Windows kuti makinawa ndi ndani: anawapanga ndani, dzina lake, serial number, ndi nambala yaitali yotchedwa UUID. Zimenezi zimalembedwa m'matebulo a SMBIOS, amene dongosolo lake limasungidwa ndi bungwe la DMTF. Tayesani kutsegula msinfo32 mu Windows ya mu VirtualBox. Pamene pali System Manufacturer mupeza "innotek GmbH", kampani ya ku Germany imene inayambitsa VirtualBox, Sun isanaigule mu 2008, nayonso Sun isanagulidwe ndi Oracle mu 2010. Dzinalo likadali pomwepo, ngati chikwangwani cha golosale imene inasintha mwini kalekale.

Nanga zimenezi zikugwirizana bwanji ndi activation, kutsimikizira layisensi ya Windows kuja?

Taganizirani bulubuku ya njinga yamoto ya kabaza. Mukhoza kuipenta, kusintha chishalo, kuika matayala atsopano, pa rodibuloko palibe angakufunseni. Koma nambala ya chasisi ikasiyana ndi ya m'bulubuku, imeneyo ndi njinga ina basi, ngakhale mutalumbira kuti ndi yomweyo imene munagula ku Limbe.

Kuyambira pa Windows XP mu 2001, Windows imatenga zizindikiro za makina, n'kuzisakaniza kukhala chidindo chimodzi, ndipo layisensi imamangiriridwa ku chidindocho. Windows 10 itabwera mu 2015 panabwera digital license: chidindocho chimasungidwa pa maseva a Microsoft, moti mukafomata n'kuikanso Windows pa makina omwewo, imadzizindikira yokha ikangofika pa intaneti, osafunsa kiyi. Microsoft imanena poyera kuti kusintha kwakukulu, monga kusintha motherboard, bodi yaikulu ija, kungachititse kuti Windows isapezenso layisensi yogwirizana ndi makinawo.

Tsono mu VM "motherboard" ndi mizere chabe ya m'fayilo. Ntchito imene pa desikitopu imafuna kumasula masikuluwu ndi kuzula mawaya, mu VM imachitika ndi kudina kamodzi kokha, nthawi zina inu osadziwa n'komwe kuti mwachita chinthu.

Ndiye ndisagwire kalikonse?

Ayi, osafika pamenepo. Pa ntchito yanga, kuwonjezera RAM, kukulitsa disiki, kapena kutsegula foda yogawana ndi kompyuta yaikulu sizimadzutsa nkhani. Zoyenera kuopa ndi zitatu: UUID kusintha, kusintha mtundu wa chipset monga kuchoka pa i440FX kupita pa Q35 mu QEMU, ndi kusamutsa disiki ya VM kuchoka mu pulogalamu ina kupita mu ina, mwachitsanzo kuchoka mu VirtualBox kulowa mu VMware. Chomalizachi chimasintha zonse nthawi imodzi.

VMware inandifunsa kuti "I Moved It" kapena "I Copied It". Ndikanayankha chiyani?

Funso limeneli lagwetsa ambiri. Ndikuuzeni za mayi wina amene amasunga mabuku a ndalama pa kagulu kena ka alimi a zinanazi. Laputopu yawo inafa nyengo ya chiperoni, chinyontho chitalowa pa bodi, koma disiki inali yamoyo. Mphwawo anachotsa disikiyo, n'kukopera foda yonse ya VM pa laputopu ina. Atatsegula, VMware inafunsa funso lija. Mnyamatayo anaganiza bwino ndithu mwa iye yekha: "Ndakopera, ndiye ndi I Copied It." Uthengawo umanenanso kuti ngati simukudziwa musankhe chomwecho. Anadina. Safunsa anadya phula. Mawa lake mayiwo anafika pano pa kabaza, laputopu atakulunga m'chitenje, akuti, "Bambo, mwanayu wandiphera ntchito ya chaka chonse."

Ntchito yawo sinafe. Chimene chinachitika ndi ichi: mukati "I Copied It", VMware imaganiza kuti VM yoyamba ikadalipo kwina ndipo iyi ndi mapasa ake. Makina awiri okhala ndi UUID imodzi komanso MAC address (nambala ya khadi la netiweki) imodzi pa netiweki imodzi amasokonezana, choncho imapatsa yatsopanoyo nambala zina. Windows ikadzuka imaona kuti ili m'nyumba yachilendo. Mukati "I Moved It", nambala zakale zimasungidwa.

Mwamwayi disiki yakale ija anali asanaifomate. Tinafufuta foda yatsopanoyo, titasunga kaye mafayilo a tsiku limenelo, n'kukoperanso kuchoka pa disiki yakale, kenako n'kudina "I Moved It". Windows inadzuka phee, osafunsa kanthu. Mayiwo anandisiyira chinanazi chimodzi pamwamba pa malipiro.

Ngati mukufuna kuona ndi maso, tsegulani fayilo ya .vmx ndi Notepad VM ili yozima. Mzere wa uuid.bios ndiye nambala imene Windows imaona. Mukawonjezera mzere wa uuid.action = "keep", VMware imasunga nambalayo osafunsanso.

Nanga mu VirtualBox, Hyper-V ndi QEMU?

Nkhani ndi yomweyo, mayina okha ndiwo asiyana. Mu VirtualBox mukamachita Clone pali kabokosi ka "Keep Hardware UUIDs". Mukapanda kuchonga, yatsopanoyo imabadwa ndi nambala ina. Lamulo la VBoxManage modifyvm lili ndi --hardwareuuid lobwezeretsera nambala yakale. Hyper-V pochita Import imapereka njira zitatu, ndipo ya "Copy" imanena yokha kuti ipanga ID yatsopano. Amene mumagwiritsa ntchito virt-manager pa Linux, UUID ili pamwamba penipeni pa fayilo ya XML ya VM. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu wasunga disiki yokha, ija ya .vdi kapena .qcow2, fayilo yaing'ono ya masetingi n'kuitaya. Akapanga VM yatsopano n'kulumikiza disiki yakale, kwa Windows amenewo ndi makina ena.

Chenjezo limodzi: kusunga UUID ndi kwa posamuka. Mukachonga kabokosiko kuti mukhale ndi ma VM asanu oyenda pa layisensi imodzi, mwachoka pa kusamuka, mwalowa pa zina.

Ndikufuna kuchoka pa BIOS kupita pa UEFI kuti ndiike Windows 11. Ndingodina kabokosi ka EFI?

Mukangodina, VM siidzuka. Mudzaona sikirini yakuda, kapena mawu achikasu a "Shell>" akukudikirani, ndipo mtima udzati phwii. Si activation imeneyo. Windows imene inaikidwa pa BIOS yachikale ili pa disiki yogawidwa mwa MBR, pamene UEFI imayembekeza GPT ndi kagawo kake kodzutsira. Chotsani chongacho, izidzukanso.

Njira yake ndi iyi. Zimitsani VM, koperani foda yonse pa disiki ina. Yatsani, mulowe ndi akaunti ya Microsoft kuti layisensi imangiriridwe ku akauntiyo. Pa tsamba la Activation mu Settings payenera kuoneka kuti digital license yalumikizidwa ndi akaunti yanu. Kenako tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe mbr2gpt /validate /allowFullOS. Chida chimenechi chili mu Windows 10 kuyambira mu 2017. Chikavomera, sinthani /validate kukhala /convert. Chikamaliza, zimitsani, ndipo apa m'pamene musinthe firmware kukhala UEFI.

Windows 11, imene inatuluka pa 5 Okutobala 2021, imafunanso TPM 2.0 (kachipu kosunga makiyi achitetezo), RAM yosachepera 4 GB ndi disiki ya 64 GB. VirtualBox inayamba kupereka TPM yongoyerekezera mu 7.0, chaka cha 2022. Pa QEMU pamafunika swtpm, kapulogalamu koyerekezera TPM. A Hyper-V muli ndi vuto lanulanu: Generation siisinthika VM ikapangidwa, ndiye muyenera kupanga ina yatsopano ya Generation 2 n'kulumikiza disiki, ndipo konzekeranitu kuti activation ifunsidwanso. N'chifukwa chake ndati akaunti ikhale yolumikizidwa musanayambe.

Funso limeneli lachuluka chifukwa Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lomaliza la chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10. Koma ngati VM yanu ndi ya pulogalamu imodzi yakale ndipo siipita pa intaneti, ine ndingati isiyeni momwe ilili.

Laputopu yanga inabwera ndi Windows yake. Ndingagwiritse ntchito kiyi yomweyo mu VM?

Poyamba tione kumene kiyiyo ili, chifukwa ambiri amatembenuza laputopu kufunafuna sitika. Nthawi ya Windows 7 kiyi inkalembedwa pa sitika pansi pa laputopu kapena pansi pa batire, ndipo inkafufutika ndi thukuta la pa miyendo. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012, opanga makompyuta amailemba m'kati mwa firmware, m'tebulo lotchedwa MSDM, kompyuta iliyonse yakeyake. N'chifukwa chake mukaika Windows pa Dell kapena HP yotere siifunsa kiyi. Pa Linux tebulolo limaoneka pa /sys/firmware/acpi/tables/MSDM.

VM siiona tebulo limenelo, chifukwa firmware yake ndi ina. Ndipo layisensi yotereyi, imene amati OEM, ndi ya kompyuta imene inabwera nayo, siisamukira pa ina. Malamulo a layisensi ya Windows amati layisensi imodzi ndi ya Windows imodzi pa makina amodzi, kaya ogwirika kaya a VM, ndipo VM iliyonse yowonjezera imafuna yakeyake. Choncho ngati Windows ikuyenda pa laputopu, ina n'kumayenda mu VM pa laputopu yomweyo, zimenezo ndi ziwiri. Layisensi yogula payokha, ya Retail, ndiyo imaloledwa kusamuka, bola muichotse kumene inali.

Ndinamva kuti ukaika SLIC ya kampani ina mu BIOS ya VM, Windows imakhala activated mwaulere. Mungandichitire?

Sindichita zimenezo, koma ndikufotokozerani chimene munamvacho. Nthawi ya Windows Vista ndi Windows 7, makampani akuluakulu opanga makompyuta sankachita activate makina amodziamodzi pa intaneti. Panali zinthu zitatu zoyenera kugwirizana: tebulo la SLIC mu BIOS, satifiketi ya kampaniyo mu Windows, ndi kiyi imodzi ya makina ambirimbiri. Zikagwirizana, Windows inkavomera popanda kufunsa kwina kulikonse. Anthu ataona zimenezi anayamba kumata tebulo la eni ake mu BIOS zimene sizinabwere nalo. Kumeneko ndi kudinda nambala ya chasisi ya njinga ya mnzako pa njinga yako. Ngakhale itadutsa pa rodibuloko, si yako.

Pa Windows 10 ndi 11 njirayi ilibenso ntchito, poti kompyuta iliyonse ili ndi kiyi yakeyake imene imakatsimikizidwa pa intaneti. Windows 7 imene inkanamizidwa chonchi inasiya kulandira zigamba zachitetezo pa 14 Januwale 2020. Ndipo tamverani izi: fayilo ya BIOS yosinthidwa ndi munthu wosadziwika, kapena kapulogalamu ka activator kamene kamayamba n'kukuuzani kuti muzimitse antivirus, mukukapatsa makiyi a nyumba yonse. Makompyuta angapo amene ndatsuka mavairasi pano anayambira pomwepo. Mu VM imene muli maakaunti a ofesi ndi mapasiwedi a kubanki, ndalama imene mwapulumutsayo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene mwaika pa mpeni.

Ndiye pali chifukwa chabwino chosinthira SMBIOS?

Chilipo. Mapulogalamu ena akale a m'maofesi anamangiriridwa ku serial number ya kompyuta imene anaikidwapo koyamba, ndipo posamutsira mu VM ndi chilolezo cha ogulitsa pulogalamuyo pamafunika kuti nambalayo ioneke. Maofesi ena amafuna VM iliyonse ikhale ndi nambala ya m'kaundula wa katundu. Enanso akusamutsa VM yawo yomwe kuchoka pa seva ina kupita pa ina.

VMware ili ndi SMBIOS.reflectHost = "TRUE", imene imaonetsa dzina la wopanga kompyuta yeniyeniyo m'kati mwa VM. QEMU ili ndi -smbios ndi -uuid. Mu VirtualBox mumadzera pa VBoxManage setextradata, pa makiyi oyamba ndi Dmi, monga DmiSystemSerial. Dziwani kuti ali pansi pa pcbios ngati VM ndi ya BIOS, ndipo pansi pa efi ngati ndi ya UEFI, moti mukasintha firmware muyenera kuwalembanso kwinako. Chachikulu ndi nthawi yake: chitani zimenezi musanaike Windows, kapena musanachite activate. Mukachita pambuyo, mwasintha chasisi bulubuku italembedwa kale.

Zachitika kale, palembedwa "Activate Windows". Ndiyambire pati?

Musathamangire kufomata. Dzifunseni kaye chimene munasintha komaliza, ndipo ngati n'chobwezeka, bwezani. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo.

Zikakanika, tsegulani Command Prompt mulembe slmgr /dlv. Kawindo kamene katuluke kakuuzani mtundu wa layisensi: RETAIL, OEM_DM, VOLUME_MAK kapena VOLUME_KMSCLIENT. Onaninso nambala ya vuto pa tsamba la Activation. 0xC004F211 ikutanthauza kuti Windows yaona kuti makina asintha. 0xC004F213 ndiye kuti siikupeza kiyi. 0xC004C008 ndi kiyi imene yagwiritsidwa ntchito pa makina ochuluka kuposa ololedwa. Ngati layisensi ndi ya Retail ndipo munalumikiza akaunti, dinani Troubleshoot, musankhe "I changed hardware on this device recently", mulowe mu akaunti, muloze makina oyenera pa mndandanda. Njira imeneyi ilipo kuyambira mu 2016. Onetsetsani kuti VM ikufikadi pa intaneti ndiponso tsiku ndi nthawi zili zolondola. Ndaonapo munthu akulimbana masana onse, pamene bandulo inatha m'mawa.

Mukaona VOLUME_KMSCLIENT pa makina anu a kunyumba, firmware ilibe mlandu. Imeneyo ndi layisensi ya mabungwe, imene imayenera kuonana ndi seva ya bungwelo masiku 180 asanathe, apo ayi imagwa, ndipo vuto lake limakhala 0xC004F074. Malaputopu ambiri a kaunjika amabwera choncho: miyezi yoyamba ali bwinobwino, kenako uthenga uja watulukira, wogulitsa atasamuka kale pa benchi pamene munamupeza.

Mafayilo anga atayika Windows ikapanda kuchitidwa activate?

Ayi. Windows 10 ndi 11 zimapitiriza kugwira ntchito. Mumangokhala ndi mawu aja pakona, ndipo simungasinthe chithunzi cha pa sikirini ndi mitundu kudzera mu Settings.

Chimene chingakulandeni mafayilo mukamaseweretsa firmware ndi BitLocker, loko wa Windows wotseka disiki yonse. Ngati disiki ya VM inatsekedwa ndi BitLocker, kiyi yake imasungidwa mu TPM yongoyerekezera ija. Mukasintha Secure Boot, mukachotsa TPM, kapena mukasamutsa disiki n'kusiya fayilo imene imasunga za TPM, mudzaona sikirini yabuluu ikufunsa kiyi ya manambala 48. Popanda manambala amenewo, ine sindingakuthandizeni, ngakhale mutapita ku Blantyre yankho ndi lomwelo. Musanagwire chilichonse, lembani manage-bde -status muone ngati BitLocker ili yoyaka. Ngati ili yoyaka, pezani manambalawo mu akaunti yanu ya Microsoft kapena kumene munawasunga, muwalembe pa pepala, ndipo muiimitse kaye ndi Suspend.

Ndine mwana wasukulu, ndilibe ya layisensi. Ndiphunzire bwanji?

Microsoft imapereka Windows Enterprise yoyeserera ya masiku 90, ndi Windows Server ya masiku 180, mwaulere, pa tsamba lake la Evaluation Center. Pophunzira za Active Directory kapena kuyesa mbr2gpt, masiku amenewo ndi okwanira; zikatha mumafufuta n'kuyambanso, ndipo kuikanso kumeneko ndi phunziro lomwe. Mafayilo ake ndi a ma GB angapo, ndiye gwirizanani anthu atatu kapena anayi, mmodzi atsitse usiku, enawo mutenge pa fulashi. Ubuntu ndi Debian zilibe activation n'komwe: sinthani BIOS, UEFI, UUID mmene mungafunire, mulembe dmidecode muone zimene zasintha. Palibe malo abwino ophunzirira nkhani yonseyi kuposa pamenepo.

Ku ofesi kwathu tili ndi seva ya Hyper-V. Malamulo ndi omwewo?

Asiyana pang'ono. Windows Server Standard, ma core onse a purosesa ya sevayo akalipiridwa, imalola ma VM awiri a Windows Server. Datacenter ilibe malire. Kuyambira pa Windows Server 2012 R2 pali AVMA, imene imachititsa kuti VM ya Windows Server itenge activation kwa seva ya Datacenter imene yaibereka, popanda intaneti. Mukaisamutsira pa VirtualBox ya pa laputopu, activation imeneyo siitsatira. Windows 10 kapena 11 ya mu VM siilowa m'gulu limeneli.

Magetsi akazima VM ili yoyaka, zingasokoneze firmware? Ndizisunga chiyani kwenikweni?

Kuno mvula ya mabingu ikatsika m'phiri, aliyense amadziwa chotsatira. Kuzima kwa magetsi pakokha sikusintha UUID. Koma kungawononge timafayilo ting'onoting'ono, ndipo munthu akaona VM ikukana kutseguka amathamangira kupanga ina yatsopano pa disiki yakale. Activation imagwera pamenepo, osati pa magetsi.

Choncho sungani foda yonse, osati disiki yokha. Mu VMware ndi .vmx ndi .nvram, mu VirtualBox ndi .vbox ndi .nvram, pa QEMU ndi XML ya VM pamodzi ndi fayilo ya VARS ya OVMF ndi foda ya swtpm. Timafayilo timeneti n'tating'ono kwambiri poyerekeza ndi disiki, tikhoza kukwana pa fulashi iliyonse. VirtualBox imasunganso .vbox-prev m'foda yomweyo, imene ndi masetingi a m'mbuyo pang'ono, ndipo yandipulumutsapo kangapo.

Kenako tsegulani PowerShell m'kati mwa VM, mulembe Get-CimInstance Win32_ComputerSystemProduct, mukopere UUID imene ituluke. Ine ndimalemba ya kasitomala aliyense ndi bolopeni kumapeto kwa buku lija la ngongole, pambali pa tsiku ndi mtundu wa layisensi. Ya mayi a zinanazi aja ili pamenepo, pansi pa ya mphunzitsi wina wa ku Limbuli amene sanamalize kulipira chaja.